N'CHIFUKWA CHIYANI AMAKUMANGANI MANJA NDI MIYENDO KU FIYETA? NAYI MBIRI YAKE

Lero tikambirane mbiri.

Kuchidikiro ndi ku sikelo kumamveka mawu awa kawirikawiri: "Ku fiyeta amakupachika ngati pamtanda, manja uku ndi uku, miyendo n'kumanga ndi lamba." Mayi wa pathupi poyamba akamva zimenezi mtima umagunda. Ndiye tsiku lija adokotala akanena kuti mwana wagona mopingasa, tipite ku opaleshoni, mayi amayamba kuzengereza, achibale n'kumati tidikire kaye amalume. Pomwe akudikira, mwana akutopa m'mimba. Ku wodi ya mafupa nakonso, ena akaona m'bale wawo atamangiriridwa mwendo ku chingwe ndi cholemera chikulendewera, amaganiza kuti achipatala amutaya, n'kumutulutsa usiku.

Malamba, matabwa ndi zitsulo zimenezi zilipodi. Koma chilichonse chili ndi chifukwa chake, ndipo zambiri zinabwera anthu atavulala kaye chifukwa chosowa zinthuzo.

KALE OGWIRA WODWALA ANALI ANTHU

Chaka cha 1846 chisanafike kunalibe mankhwala odalirika ogonetsa munthu pa opaleshoni. Wodwala ankamva mpeni uliwonse. Choncho dokotala ankafuna amuna amphamvu oti apanikize manja ndi miyendo, iye n'kugwira ntchito mothamanga. Robert Liston, dokotala wotchuka wa ku London, ankadula mwendo pasanathe mphindi zitatu, chifukwa kupitirira apo munthu sakanapirira.

Imodzi mwa maopaleshoni akale kwambiri inali yochotsa mwala m'chikhodzodzo. Zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, Celsus wa ku Rome analemba kuti mnyamata wodwala ankamukhazika pamiyendo pa munthu wamphamvu, yemwe ankamugwira atapinda mawondo ndi kutambasula ntchafu. M'zaka za pambuyo pake ankachita kumangirira manja ku akakolo. Kagonedwe kachagada, miyendo itakwezedwa, komwe amayi mumakadziwa ku chipinda chochilira, kanachokera kumeneko, ndipo m'mabuku a zachipatala kamatchedwabe ndi dzina la opaleshoni ya mwala ija.

Musaganize kuti nzeru zonse zinachokera kwa azungu. Mu 1879, Robert Felkin, mnyamata wa ku Britain yemwe ankaphunzira udokotala, anaonerera asing'anga a ku Bunyoro, m'dziko la Uganda, akutulutsa mwana pong'amba mimba. Mayiyo anamumwetsa mowa wa nthochi, ndipo mowa womwewo anatsukira pamimba ndi m'manja mwa wong'ambayo. Anamugoneka pa bedi lopendekeka, n'kumumanga ndi nsalu ya makungwa, yomwe agogo athu ankaitcha chiwondo, lamba mmodzi pachifuwa, wina pantchafu, munthu wina atagwira akakolo. Mayi ndi mwana onse anakhala moyo. Pa nthawi imeneyo, m'zipatala zambiri za ku Ulaya amayi ochuluka ankamwalira akachitidwa opaleshoni yomweyo.

MANKHWALA A TULO ATABWERA

Pa 16 Okutobala 1846, ku Boston m'dziko la America, William Morton anagonetsa munthu ndi mpweya wa ether pamaso pa madokotala, ndipo opaleshoni inachitika wodwala osakuwa. Chaka chotsatira James Young Simpson wa ku Edinburgh anayamba kugwiritsa ntchito chloroform, ngakhale kwa amayi ochira. Kuno kwathu sizinachedwe kwenikweni: mu 1876 Dr Robert Laws anachita opaleshoni ndi chloroform ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Jakisoni wa pamsana, yemwe amayi ambiri amabayidwa lero pa opaleshoni ya mwana, anamuyesa koyamba August Bier ku Germany mu 1898.

Mungaganize kuti apa ndiye zingwe zinatha ntchito. Ayi, panabuka vuto latsopano.

Inu mukagona pamphasa mutatsamira mkono, pakapita nthawi umachita dzanzi, mumadzidzimuka n'kutembenuka. Thupi limadziteteza lokha. Munthu wogonetsedwa ndi mankhwala satembenuka. Mkono ukalendewera m'mbali mwa tebulo kwa ola lathunthu iye samva kanthu. Madokotala anayamba kuona anthu akudzuka bala litasokedwa bwinobwino, koma dzanja litalefuka kapena phazi likukhwekhwereza. Chinkachitika n'chakuti mitsempha yotumiza uthenga kuchokera ku ubongo inali itakokeka kapena kupanikizika nthawi yaitali.

Kuyambira pamenepo ntchito ya malamba inasintha. Kale ankamanga kuti munthu asathawe ululu. Lero amamanga kuti chiwalo chomwe mwini wake sakuchimva chisagwe, chisapindike, chisapanikizike.

Matebulo nawo anasintha pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1880, Friedrich Trendelenburg wa ku Germany ankafuna kuti mutu wa wodwala ukhale m'munsi, chiuno m'mwamba, kuti matumbo asendere kuchifuwa, iye aone bwino chikhodzodzo. Poyamba wothandizira ankachita kusenza miyendo ya wodwala pamapewa ake mpaka opaleshoni kutha. Kenako anapanga tebulo lopendekeka lokha, ndipo matebulo a ku fiyeta a masiku ano ndi zidzukulu zake.

ZOMWE MUKAONE MUKALOWA KU FIYETA

Thabwa la mkono. Tebulo la opaleshoni ndi lopapatiza kuti dokotala afikire bwino, ndiye manja alibe pokhala. Amawaika pa timatabwa m'mbali. Mkono umodzi umakhala ndi diripi, wina ndi chopimira kuthamanga kwa magazi, ndipo wogonetsa tulo amayenera kuwaona nthawi yonse. Lamulo lake n'lakuti mkono usakwezedwe kupitirira mzere wa phewa, kuopa kukoka mitsempha yodutsa m'khosi ndi m'khwapa. Kalamba ka padzanja n'kofewa, ntchito yake n'kuletsa mkono kugwa, komanso kuti musafikire pamimba mosadziwa, pamalo pomwe patsukidwa kale ndi mankhwala.

Lamba wa pantchafu. Jakisoni wa pamsana akagwira, miyendo imalemera ngati si yanu. Ikhoza kutsetsereka n'kugwa inu osadziwa, makamaka tebulo likapendekeka. Lambayu amadutsa pamwamba pa mawondo, ndipo sathina kwambiri.

Zoikapo miyendo. Izi ndi zija zimakweza miyendo posoka mayi yemwe wang'ambika pochira, poyeretsa m'chiberekero padera likachitika, kapena pokonza matenda a fistula. Kunja kwa bondo, m'munsi pang'ono, kumadutsa mtsempha womwe umadzutsa phazi. Ukatsamira chitsulo nthawi yaitali phazi limagwa. N'chifukwa chake amaikapo nsalu kapena siponji, ndipo miyendo yonse iwiri amaikweza pamodzi ndi kuitsitsa pamodzi pang'onopang'ono, kuteteza chiuno ndi msana.

Pilo wa pansi pa chiuno. Mayi wa pathupi potopa akagona chagada, chiberekero chimapanikiza mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima. Mayi amachita chizungulire, ndipo magazi opita kwa mwana amachepa. Mu 1972 Dr Selwyn Crawford ndi anzake ku Birmingham anaonetsa ubwino wopendeketsa mayi pang'ono cham'mbali poika chotsamira pansi pa chiuno. Ndiye mukamva ngati tebulo lapendekeka musaope kuti mugwa, achita dala. Chifukwa chomwechi ndi chomwe ku sikelo amakuuzirani kuti miyezi yomaliza muzigona cham'mbali.

Zotsamira zidendene ndi zigongono. Pomwe fupa lili pafupi ndi khungu ndi pomwe zilonda zimayambira munthu akagona malo amodzi maola angapo. Kansalu kopindidwa kokha kamateteza.

FUPA LIKATHYOKA

Gawo lina la mbiriyi ndi la mafupa. Makolo athu ankadziwa kale kuti fupa lothyoka limafuna kukhazikika, n'chifukwa chake ankamanga ndi timitengo kapena nsungwi ndi luzi. Fupa losakhazikika bwino zotsatira zake tikuziona pa David Livingstone. Mu 1844 mkango unamuluma ku Mabotsa, m'dziko la South Africa, n'kuphwanya fupa la mkono wamanzere. Silinalumikizane bwino mpaka imfa yake mu 1873 kwa Chitambo ku Zambia. Susi, Chuma ndi anzawo atanyamula mtembo wake mpaka kunyanja yamchere, unafika ku London mu 1874 nkhope isakuzindikirika. Madokotala anatsimikiza kuti ndi iyeyo poona fupa lomwe lija.

Chikhakha chomwe timachidziwa lero anayambitsa ndi Antonius Mathijsen, dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, cha mu 1852. Ankapaka ufa woyera uja pa bandeji, kunyowetsa, kukulunga, n'kuuma mwamsanga. Koma kumanga kuli ndi ngozi yake. Mu 1881 Richard von Volkmann wa ku Germany analongosola za manja omwe ankauma n'kupindika zala ngati za nkhuku chifukwa chomangidwa mothina kwambiri. Chiwalo chothyoka chimatupa. Chikatupa mkati mwa chomangira chothina, magazi amaleka kuyenda, ndipo minofu imatha kufa m'maola ochepa. Ngozi imeneyi ndi imodzimodzi, kaya chomangiracho ndi luzi la kumudzi kaya ndi chikhakha cha kuchipatala.

Fupa lovuta kwambiri ndi la ntchafu. Minofu ya pamenepo ndi yamphamvu, ndiye likathyoka imakoka zidutswa ziwirizo n'kupitana, mwendo n'kufupika, magazi ambiri n'kutayikira mkati. Hugh Owen Thomas wa ku Wales, wobadwira m'banja la anthu owongola mafupa mwachikhalidwe, anapanga chitsulo chosavuta chomwe anachilongosola mu 1875: mkombero wokutidwa ndi chikopa wokhala m'mphechepeche, ndodo ziwiri zachitsulo m'mbali mwa mwendo, ndi pomangirira phazi kumapeto kuti mwendo ukokeke. Kwa zaka zambiri anthu sanachilabadire. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe agogo athu ambiri anagwira ntchito ya mtengatenga, wachibale wake Robert Jones anaumirira kuti asilikali othyoka ntchafu aziikidwa m'chitsulochi asanawanyamule. Mbiri ya nkhondoyo imati poyamba ankamwalira pafupifupi 80 mwa 100 alionse, koma chitsulochi chitafala kuyambira mu 1916 chiwerengero chinatsika kufika pansi pa 20. Mpaka lero chitsulo cha Thomas chimapezeka m'zipatala.

CHINGWE NDI CHOLEMERA PA BEDI

Kukoka mwendo pa bedi kumatsata nzeru yomweyo. Cholemera chimalimbana ndi minofu usana ndi usiku kuti fupa likhale mowongoka pomwe likulumikizana. Kwa ana amamata pulasitala pakhungu. Kwa akuluakulu amalowetsa kachitsulo kopingasa m'fupa la m'munsi mwa bondo, njira yomwe Fritz Steinmann wa ku Switzerland anayambitsa mu 1907. Ana aang'ono osakwana zaka ziwiri amawakweza miyendo yonse m'mwamba, matako atatukuka pang'ono pabedi, mwakuti kulemera kwa mwanayo ndi komwe kumakoka. Njirayi imatchedwa ndi dzina la Thomas Bryant, dokotala wa ku London. Imaoneka yomvetsa chisoni, koma mwana amazolowera msanga ndipo fupa lake limagwirana m'masabata ochepa.

Munthu wamkulu ndiye amagona masabata 6 mpaka 12. Kwa banja la kumudzi umenewo ndi mtolo wolemera: munda ukudikira, manachesi akupsa mumtengo, gadiyani naye wasiya ana kunyumba. Vuto lomweli ndi lomwe linachititsa madokotala kufunafuna njira yachidule. Mu 1939 Gerhard Küntscher wa ku Kiel anayamba kulowetsa chitsulo chachitali mkati mwenimweni mwa fupa la ntchafu, ndipo wodwala ankadzuka m'masiku ochepa. Opaleshoni yotere nthawi zambiri imafuna tebulo lapadera, lomwe phazi limalowa mu nsapato yokokera, pakati pa miyendo n'kuikapo mzati wokutidwa ndi siponji, komanso makina a ekisire oonera mkati opaleshoni ili mkati. Zonsezi n'zodula. Mu 1999 Dr Lewis Zirkle wa ku America anayambitsa bungwe la SIGN, lomwe limapanga zitsulo zolowetsa popanda makina oonera aja, n'kumazipereka ku zipatala za mayiko osauka. Zipatala zikuluzikulu za kuno ku Malawi zakhala zikugwiritsa ntchito zitsulo zimenezi.

NJIRA YOMWE MALAWI ANATSATA

Kuno kwathu ntchito ya mafupa inakula chifukwa cha poliyo. Mu 1979 kunakhazikitsidwa bungwe la Malawi Against Polio, lomwe lero limatchedwa Malawi Against Physical Disabilities, ndipo ambiri timangoti MAP. Linkawongola miyendo ya ana olumala, kuwapangira zitsulo zoyendera, ndodo ndi njinga. Madokotala a mafupa anali osowa kwambiri, choncho mu 1985 Dr Edward Blair anayambitsa maphunziro a miyezi 18 osula ma clinical officer a mafupa, oti akakhale m'zipatala za m'maboma. Mu 2008 Professor Nyengo Mkandawire ndi anzake analemba kuti dziko lonse linali ndi madokotala akuluakulu a mafupa 9 okha, pomwe ma clinical officer a mafupa omwe anali ataphunzitsidwa anali 117, ndipo 82 mwa iwo anali pantchito, akusenza magawo 80 mpaka 90 mwa magawo 100 a ntchito yonse ya mafupa. Munthu wovulala pa kabaza kapena pa msewu wa Zalewa kupita kuchipata cha Mwanza akafika pa chipatala cha boma, manja oyamba kumuwongola amakhala a anthu amenewa. Zikakhala zofuna opaleshoni yaikulu amamutumiza ku Gulupu ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100.

Mu 2002 ku Blantyre kunatsegulidwa chipatala cha Beit CURE, chothandiza ana olumala mafupa. M'zaka zomwezo Malawi anayamba kufalitsa njira ya Dr Ignacio Ponseti yowongolera mapazi opindika a ana obadwa kumene. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000 amabadwa chotero. Si ufiti, ndipo si kuti mayi analakwa mwambo. Phazi amaliwongola pang'onopang'ono ndi manja, n'kuika chikhakha chatsopano sabata iliyonse, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ambiri amadulidwa pang'ono mtsempha wa kuchidendene, n'kuvala chikhakha chomaliza masabata atatu. Kenako mwana amavala nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo, maola 23 patsiku kwa miyezi itatu, pambuyo pake usiku wokha mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Nsapato zotsika mtengo za mtunduwu anazikonza ndi Michiel Steenbeek ali ku Uganda, ndi zipangizo zopezeka m'misika yathu. Phazi likabwerera mwakale, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti nsapato zija zinasiyidwa msanga.

Mu 2023 pa Kamuzu Central ku Lilongwe panatsegulidwa chipatala chapadera cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION. Poliyo naye tisamuiwale: mu Febuluwale 2022 anapezekanso ku Lilongwe patatha zaka 30, ndipo chaka chomwecho anapezeka m'chigawo cha Tete, kuseri kwa Zobue komweku. Katemera wa ana athu asaphonye.

ZOTI MUSUNGE PAMTIMA

Mukamapita ku fiyeta:
• Auzeni achipatala ngati phewa, chiuno, bondo kapena msana zimakuvutani, kapena ngati munathyokapo kale, kuti akugonekeni moyenera.
• Ngati muli maso ndipo lamba akuthina kapena mkono ukupweteka, nenani. Sikulakwa.
• Miyendo imayamba kumva pakapita maola angapo jakisoni wa pamsana atatha mphamvu. Ngati tsiku lotsatira mukumvabe dzanzi, dzanja lalefuka kapena phazi likukanika kudzuka, uzani anamwino musanatuluke.

Munthu akathyoka kumudzi:
• Musakoke kapena kuwongola mwamphamvu. Ikani thabwa kapena nsungwi m'mbali, mutayala chitenje mkati, ndipo mangani pamwamba ndi pansi pa pothyokapo, mosathina.
• Fupa likatulukira kunja, phimbani ndi nsalu yoyera. Musalibwezere mkati, musathirepo mankhwala, musateme mphini.
• Musamupatse chakudya, mwina akafunika opaleshoni tsiku lomwelo. Thamangirani kuchipatala.

Wachikhakha abwerere kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ngati ululu ukukulirakulira, zala zatupa, zazizira, zasintha mtundu, zachita dzanzi kapena zikukanika kugwedezeka, kapenanso ngati mkati mukutuluka fungo. Chikhakha chisanyowe, ndipo musasolole kamtengo mkati pofuna kukanda.

Magadiyani a ku wodi ya mafupa:
• Cholemera chizilendewera, chisagunde pansi kapena bedi. Musachichotse ngakhale wodwala atadandaula, itanani anamwino.
• Yang'anani zala za kuphazi kangapo patsiku, makamaka kwa ana.
• Kumatako ndi kuzidendene kuzikhala kouma, pansalu pasakhale makwinya kapena nyenyeswa za chakudya.
• Ululu ukatha sindiye kuti fupa lalimba. Kutuluka masiku asanakwane kumasiya mwendo waufupi kapena wokhota moyo wonse.

Amayi a kuchidikiro, nkhaniyi muwawerengere anzanu omwe alibe foni, ndipo abambo ndi apongozi aimvenso, popeza nthawi zambiri ndi iwo amapereka chilolezo kapena kuchedwetsa. Mafunso anu lembani m'munsimu. Khalani ndi thanzi labwino nonse.